Tinameta Galu wa Mayi Orton

Ine agalu sindiwakonda, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti wina asadzandinamizire. Kwathu ku Ntcheu galu amagona panja, amadya zotsala, ntchito yake n'kuuwa basi. Nditafika kuno ku Leicester ndinapeza agalu ovala majuzi, agalu okwera basi, agalu okhala ndi dokotala wawowawo wa mano, pamene ine dzino langa likundisowetsa mtendere dokotala osapezeka. Ndinkangopukusa mutu n'kumapita ku ntchito yanga ya unamwino. Tsono mukamva kuti ine Felista, mayi wamkulu ndi nzeru zanga, ndinagwetsa misozi pa chionetsero cha agalu, dziwani kuti panali chifukwa.

Chifukwa chake ndi amuna anga, a Sosten.

A Sosten ankayendetsa basi, ndipo anali munthu wosatha nkhani. Loweruka lililonse galaja yathu ku Evington inkasanduka malo ometera. Azibambo achimalawi ankachokera ku Belgrave, ena mpaka ku Normanton ku Derby, akuti kudzameta, koma ambiri a iwo m'mutu munalibe n'chometa chomwe. Chimene ankabwerera ndi nkhani: mpira, ndale, mtengo wa simenti kumudzi. A Sosten makina kumanja, pakamwa posatseka, galaja yonse ili chikhakhali mpaka ine kuchita kukawabalalitsa.

Kenako kunabwera sitiroko. Inawapeza m'mawa akumanga zingwe za nsapato. Anapulumuka, Mulungu ndi wabwino, koma mwendo wamanja unayamba kukoka, dzanja lamanja linkanjenjemera, ndipo mawu ankatuluka mochedwa, limodzilimodzi, ngati akuchita kuwatunga pachitsime chakuya. Za basi zinathera pomwepo.

Anthu athu ndi abwino, sindikuwanena. Anabwera ndi mapemphero, anabwera ndi miphika ya ndiwo, anzanga ena anandigwirira mashifiti osanyinyirika. Koma ubwino wathu nthawi zina umalemera. Munthu mawu akamukanirira pakhosi, ife timathamangira kumumalizira, ati tikumuthandiza. A Sosten akangoti, "Ndikufuna..." anthu anali atayankha kale: madzi, mpando, kuchimbudzi. Lamlungu lina kutchalitchi, bambo wina amene a Sosten anayamba kumumeta adakali ndi tsitsi anawerama n'kuwafunsa mofuula, akudula mawu ngati akulankhula ndi mwana wa ku nazale: "Mwa-dzu-ka bwa-nji, a-chi-mwe-ne?" A Sosten kutchalitchi sanapondekonso.

Makina ometera anawatsekera m'dirowa. Belu la pakhomo likalira ankakwera masitepe, mwendo ukukoka, n'kukadzitsekera kuchipinda mpaka alendo atapita. Ine ankandipatsa mawu owerengeka: eya, ayi, zikomo. Ndagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri, ndipo nkhope ya munthu amene wagonja ndimaidziwa. Thupi linkachira ndithu, madokotala ankasangalala, koma mwini thupi ankachoka pang'onopang'ono ine ndikuona. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kukalipa, pakuti kukalipa ndiye ndimakutha. Zonse zinakanika, ndipo ndinkachita mantha kwambiri.

Nyumba yathu ndi yogundana khoma ndi ya Mayi Maureen Orton, mzungu wachikulire, wamasiye, wovutika maondo. Mayi ameneyu ali ndi galu dzina lake Bosworth. Ine lilime linakana, ndimangoti Bozi. Chigalu chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, makutu olendewera, ndevu zonyowa nthawi zonse, ubweya wosokonekera ngati denga la udzu losasuka ndi mphepo. Fungo lake ndisanene. Ndipo sauwa ngati agalu anzake. Amakweza mutu n'kutulutsa kulira kwakutali, kwa bezi, moti tsiku loyamba ndinathamangira pawindo kuganiza kuti kwagwa zovuta.

Tsiku lina pampanda Mayi Orton anandifotokozera kuti Bozi si galu wamba. Mtundu wake amautcha Otterhound. Kale ankasakira akatumbu m'mitsinje, n'chifukwa chake mapazi ake ndi otambalala ngati a bakha. Kusaka akatumbu kutaletsedwa, agaluwo anasowa ntchito, anthu anasiya kuwaweta, ndipo lero akuti padziko lonse sakwana n'chikwi chomwe. Eni ake onse amadziwana. Amadziwa kuti galu wa uje anabadwa kwa galu wa uje, agogo ake anali a ku Wales, azakhali ake anapita ku Amereka. Apo ndiye ndinamvetsa, chifukwa ndi momwe tilili ifenso. Ukakumana ndi Mmalawi pa Belgrave Road, musanamalize n'kupatsana moni komwe mwapeza kale kuti msuweni wako anakwatira kwawo.

Bozi ndi amene anayamba chibwenzi. A Sosten ankakonda kukhala kuseri kwa nyumba, kumene alendo sakanawaona, ndipo galuyo ankatsamiritsa chibwano pampanda n'kumawayang'ana. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinamva mawu. Anali amuna anga, akumufotokozera galu m'Chichewa za misewu ya mabasi, mochedwa, akupunthwa, koma ziganizo zathunthu. Galuyo anangoti phee, kumvetsera. Nsanje inandigwira, sindibisa. Ine ndawaphikira zaka zonsezi, koma nkhani akuuza galu!

Maondo a Mayi Orton atafika poipa, anapempha a Sosten kuti aziyenda naye Bozi. Anavomera, koma m'mamawa mokha, ku paki kusanafike anthu. Pobwerera ankaima pakhomo pa mayiyo kupereka chingwe, ndipo ndinaona kuti amachedwako. Mayi Orton alibe changu ndi kanthu kalikonse. Munthu akamalimbana ndi mawu, iye amangoima, manja m'thumba la juzi, kudikira.

Ndiye kumayambiriro kwa chilimwe mayiyo anagwa kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Bozi anasamukira kwathu, m'galaja, pakuti za m'nyumba ndinakanitsitsa. Titapita kukamuona kuchipatala, sanafunse za nyumba yake kapena maluwa ake. Anagwira mkono wa a Sosten.

"Sosten, Lamlungu likubwerali kuli chionetsero cha kalabu yathu," anatero. "Bosworth ndinamulembetsa kale, m'gulu la agalu achikulire. Mupite naye."

A Sosten anapukusa mutu. "Anthu," anatero. "Ku... kulankhula."

"Simukalankhula kanthu. Mukangoima naye, woweruza adzamugwiragwira, kenako muzungulire bwalo. Tilipo ochepa, Sosten. Mmodzi akajomba, bwalo limaoneka ngati kwachitika maliro. Chiyambire Bosworth sanajombepo."

Ine ndinkayang'ana botolo la diripi ngati ndili pantchito, mtima uli m'mwamba. Kenako a Sosten anati, "Chabwino." Chichitikire za kutchalitchi zija, aka kanali koyamba kuvomera kupita pagulu. Ndinatuluka kukaimbira mnzanga kuti tisinthane shifiti a Sosten asanasinthe maganizo.

Mayi Orton anatiuza njira, anatiuza nthawi, anatiuza chingwe choyenera. Chinthu chimodzi chokha sanatiuze, ndipo sindimuimba mlandu. Kwa iye zikanakhala ngati kuuza munthu wamkulu kuti asathire shuga m'nyemba.

Loweruka masana ndinapeza a Sosten ataima pakhomo pa galaja, akumuyang'ana Bozi kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Mayi a Christabel," anandiitana. Christabel ndi mwana wathu, ali ku yunivesite ku Nottingham. "Galu wa eni ake... tipite naye pagulu... ali chonchi?"

Ndinamuyang'ana nanenso. Ubweya unali utapotana, m'ndevu muli zinyalala, maso osaoneka n'komwe.

"Atiseka," anapitiriza. "Adzati gogo... atangogonekedwa... maneba anamutayirira."

Anali kunena zoona zokhazokha, malinga ndi mmene tinakulira. Kwathu tsiku lalikulu limayamba dzulo lake ndi kumeta. Khirisimasi, kutsegulira sukulu, ukwati, kulandira Ukaristia woyamba, mwana amakhazikidwa pampando n'kumetedwa mpaka mutu kuwala. Ndiponso chinthu cha mwini ukasungitsidwa, umachionetsa kwa anthu chili bwino kuposa mmene unachilandirira. Mbale yobwereka subweza ili ndi mafuta.

Tinayamba ndi kumusambitsa. Ubweya wake unali ndi mafuta ena ake oti madzi ankangotsetsereka, choncho ndinatenga sopo wotsukira mbale, amene sachita manyazi ndi mafuta. Tinasambitsa, kutsukuluza, kusambitsanso, mpaka fungo lija linagonja. Ndili mkati momupukuta, ndinamva a Sosten akukwera masitepe. Ndinati basi, atopa, akukadzitsekera. Koma ndinamva dirowa ikutseguka, kenako mapazi akutsika.

Anabwera ndi makina ometera.

Ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndiwononga zinthu. Analumikiza ku magetsi, makina analira. Dzanja lawo lamanja linanjenjemera. Anaika lamanzere pansi pa chigongono kulichirikiza, n'kuyamba pamsana. Mzere woyamba unakhota. Wachiwiri unakhota pang'ono. Atafika m'nthiti dzanja linali litakumbukira ntchito yake.

Ine ndinagwira mutu wa galu n'kumamunyengerera ndi tizidutswa ta nkhuku. Bozi analibe nazo ntchito, malinga nkhuku ikubwera. Ubweya unkagwa pansi mulu, koma ine sindinkaona galu, ndinkaona dzanja. Anameta msana, anameta m'mbali, anasalaza miyendo, ndevu anazidula bwinobwino ngati za mkwati. Pafupi ndi makutu analambula ndi kalezala kawo kakang'ono, lilime lili pakona pa mlomo monga ankachitira kale. Penapake ndinamva akuimba mluzu.

Atamaliza anabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu.

"Eya," anatero. "Tsopano... waoneka ngati munthu."

Kunena zoona anaoneka ngati mbuzi yaitali miyendo, koma yaukhondo. Tinanyadira kwambiri. Ndinajambula chithunzi n'kutumizira Christabel. Iye anayankha m'Chingerezi chake chija, kufunsa ngati tili shuwa kuti zimenezi n'zololedwa. Ndinamuuza kuti alimbikire maphunziro, za kumeta awasiyire bambo ake.

Lamlungu m'mawa a Sosten anavala suti ya ku ukwati ndi tayi. Ine ndinakazinga mandasi odzaza beseni, chifukwa sindipita kwa anthu chimanjamanja. Chionetsero chinali pa famu ina kupitirira Melton Mowbray, pabwalo la udzu lozunguliridwa ndi zingwe, pambali pali tenti ya tiyi. Tikulowa pageti ndinaona mayi wina akutsitsa galu m'galimoto, ubweya uli nyankhalala ngati mmene analili Bozi dzulo lake. Ndinati m'mtima, ulesi wa anthu ena. Ndinaona wina, chimodzimodzi. Ndinayang'ana bwalo lonse. Agalu onse, mpaka tiana tomwe, anali ndi ubweya wawo wonse, ndevu zili lende.

"Bambo a Christabel," ndinatero, "mwina tipake kaye kumapeto uko."

Koma anali atatsika kale. Anatsegula kumbuyo, Bozi n'kudumphira pansi, akuwala padzuwa.

Phokoso linatha. Anthu amene ankaseka anasiya, kapu ya tiyi inaima panjira yopita kukamwa. Agalu okha ndi amene sanaone chachilendo, anathamangira kudzanunkhiza mbale wawo. Bambo wina wamtali, wofiira nkhope, wovala chipewa chaphwatalala, anabwera molunjika. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi Derek Wragg, wapampando wa kalabuyo, amene wakhala akuweta agalu amenewa kuyambira ali mnyamata.

"Ameneyu ndi Bosworth wa Maureen?" anafunsa. "Mulungu wanga. Wamuchita zimenezi ndani?"

Sanadikire yankho. Anagwada n'kuyendetsa chikhatho pamsana wometedwawo ngati akufufuza bala. Kenako anayamba kufotokoza, mawu akukwera. Ubweya ndiwo mtundu wa galu ameneyu. Pamwamba pamakhala wokhakhala, pansi wofewa wamafuta, kuti akalowa mumtsinje madzi asafike pakhungu. Woweruza amalowetsa zala mmenemo, ndi chimene amabwerera. Galuyu samametedwa, ngakhale kumusambitsa chionetsero chitayandikira salola. Kuti umerenso papita miyezi yambiri, mwina chaka, ndipo nthawi zina subwerera mmene unalili.

"Maureen wausamala ubweya umenewu kuyambira galuyu ali kamwana," anatero. "Munaganiza chiyani?"

A Sosten anatsegula pakamwa. "Ndi... ndi..." Mawu anakana. Nsagwada inkagwedezeka, thukuta lili pamphumi, anthu onse maso ali pa iwo. Ndinaona dzanja lija, limene dzulo linkameta mwaluso, likuyambanso kunjenjemera pachingwe. Anatembenuka.

"Tiyeni," anandiuza chapansipansi. "Kunyumba."

Ndinadziwa kuti tikalowa m'galimoto imeneyo, chitseko cha kuchipinda chija chikatsekeka, sichidzatsegukanso. Mkwiyo unandikwera. Ndinaika beseni la mandasi pa boneti, ndinakonza mpango, ndipo ndinali nditasanja kale mawu oti ndimuuze mkulu wachipewayo, ena m'Chingerezi, otsalawo m'Chingoni cha agogo anga. Akanandidziwa tsiku limenelo.

Amene anandipulumutsa ku tchimo limenelo ndi mtsikana wina wovala mpango wakuda kumutu ndi majombo amatope. Anadutsa pakati pathu akukokedwa ndi galu wamkazi, n'kugwada pamaso pa Bozi.

"Ine ndine Humera," anauza a Sosten. "Uyu ndi mwana wa Bosworth. Ndinamutenga kwa Maureen. Mwameta ndinu?"

Ndinatsala pang'ono kuyankha. Ndinaluma lilime. Mtsikanayo anangokhala chogwada, akukanda khutu la Bozi, maso ali kwa amuna anga. Sanafulumire.

"Ndine," anatero a Sosten pamapeto pake. Anapuma. "Ndimafuna... aoneke bwino. Pamaso... pa anthu. Kwathu... timatero."

Anatenga nthawi yaitali kuti amalize, ndipo palibe amene anawamalizira. Ngakhale Wragg anangotseka pakamwa n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Sindikunamizani, mwalakwitsa kwambiri," anatero Humera. "Koma galuyu si wanga, si wa Derek. Timufunse mwini wake."

Anatulutsa foni n'kuimba ya vidiyo. Ine ndinkapemphera kuti netiweki ikane, koma pa famu ya kutchire imeneyo inagwira bwino kuposa kunyumba kwanga. Nkhope ya Mayi Orton inaoneka, ili pa pilo wa chipatala. Humera anatembenuzira foni kwa Bozi.

Mayiyo anagwira pakamwa. "O, mwana wanga," anatero. "O, mwana wanga wokongola." Misozi inatsika, yeniyeni, ndipo ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Tinali titawononga chinthu chimene munthu wamasiye ankachinyadira, iye ali gone m'chipatala.

"Ndipatseni Sosten," anatero atapukuta m'maso.

A Sosten analandira foni ndi manja awiri. "Pepani, mayi," anatero. "Pepani... kwambiri."

"Mwameta nokha?"

"Ndekha."

"Ndi makina anu aja?"

"Eya."

"Ndi dzanja liti?"

A Sosten anayang'ana dzanja lawo ngati akuliona koyamba. "Lamanja."

Mayi Orton anatseka maso kanthawi, kenako anawatsegula.

"Ndiye lowani naye m'bwalo," anatero. "Ubweya umera. Derek, ndikudziwa uli pomwepo. Mupatse nambala yake, ndipo usiye kuopseza anthu anga."

Wragg anang'ung'udza zinazake, koma anapita kutebulo n'kubwera ndi kapepala ka nambala. Anamangirira yekha pamkono wa suti ya a Sosten, mosamwetulira, n'kukoka kuti aone ngati kalimba.

Gulu la agalu achikulire litaitanidwa, analowa m'bwalo anthu ochepa, aliyense ndi galu wake. Wragg anali kutsogolo ndi chigalu chake chotchuka, chimene akuti chapambana kulikonse. A Sosten anali kumapeto, suti yakuda, galu wosalala. Woweruza anali mayi wa imvi wochokera kumpoto. Anayenda kwa galu aliyense, kumuyang'ana mano, kumugwira mapewa, kulowetsa zala mu ubweya. Atafika kwa Bozi anatambasula dzanja mwachizolowezi, zala n'kusowa polowa. Anayang'ana kumwamba kanthawi. Kenako anapitiriza ntchito yake yonse, mano, mapewa, miyendo, mapazi, osadumpha kanthu.

"Ali ndi zaka zingati?" anafunsa.

Mayi Orton anali atanena kuti a Sosten sakalankhula kanthu, koma funso linali litabwera. Ine kunja kwa chingwe ndinafinya mpango. A Sosten analimbana nalo liwu, linakana, analimbana nalonso. Woweruza anaima, manja kumbuyo. Litatuluka anagwedeza mutu n'kunena kuti zikomo, bambo.

Kenako anakweza dzanja n'kulizunguliza m'mwamba. Ndinali nditaonera magulu ena m'mawawo, choncho ndinkadziwa tanthauzo lake: onse azungulire bwalo, ndipo amazungulira chothamanga, galu ali patsogolo, mwini wake akupuma wefuwefu pambali. Mtima unagwa. Za ubweya zinandiiwalitsa za mwendo. A Sosten sangathamange. Ndinaona kale m'maganizo anzawo akuwapitirira, iwo akukoka mwendo okha pakati pa bwalo, anthu akuyang'ana kumbali mwaulemu.

Wotsogolera ndi amene amayambitsa liwiro. Wragg anakonza chipewa, anayang'ana kumbuyo kamodzi kokha, n'kunyamuka.

Anayenda. Osati kuyenda kwa changu, koma kwa munthu amene akuyendera munda wake madzulo. Chigalu chake chinafuna kuthamanga monga chinazolowera, iye anafupikitsa chingwe. Wachiwiri anayang'ana Wragg, anayang'ana kumbuyo, nayenso anayenda. Onse anayenda. Woweruza anangotembenuka nawo pang'onopang'ono pakati pa bwalo. Ndipo kumapeto kwa mzere kunali amuna anga, mwendo ukukoka muudzu, mutu uli chilili, Bozi akuyenda pambali pawo mogwedezeka monga amachitira ku paki. Palibe amene anawapitirira, palibe amene anawasiya. Anazungulira bwalo lonse limodzi.

Atatsala pang'ono kumaliza, galu wina kunja anakweza mutu n'kuyamba kulira kuja kwa bezi. Wina analandira. Posakhalitsa famu yonse inali kulira, agalu a m'bwalo, a m'magalimoto, ndi Bozi yemwe, khosi lake lometedwa lili m'mwamba. Anthu ankaseka n'kumawomba m'manja. Ine ndi pamene ndinalira. Ndinalira poyera, mayi wamkulu, pakati pa azungu osawadziwa, ndipo Humera anandipatsa kansalu kamene ndikukhulupirira kuti kanali kopukutira ndevu za galu. Ndinapukutira momwemo.

Bozi anakhala womaliza, ndipo n'zoyenera. Wragg sanapambane. Anapambana mayi wina wa ku Lincoln, ndipo anthu ena ankanong'ona kuti chigalu cha Wragg chimaoneka bwino chikamathamanga. Ndinamutsatira mkuluyo kuseri kwa tenti. Mawu amene ndinamusanjira m'mawa ndinali nditawameza, tsopano ndinkafuna ena, ndipo Chingerezi changa chonse cha m'chipatala chinandithawa. Ndinangoti zikomo, ndikuwomba m'manja mwakachetechete monga timachitira kwathu, maondo atapinda pang'ono.

"Zikomo wa chiyani?" anatero, akuyang'ana kumbali. "Agalu amenewa kayendedwe kawo kamaoneka bwino akamayenda pang'onopang'ono. Aliyense amadziwa zimenezo." Anasuzumira m'beseni langa. "Timipira timeneti n'tadyedwa?"

Anadya atatu ataimirira, n'kutenga ena kuika m'thumba la jekete.

Mpaka lero ndimawathokoza anthu amenewa, ndipo ndimawatchula m'mapemphero ndi agalu awo omwe, ngakhale agaluwo sindinayambe kuwakonda. Tinawalakwira pa chinthu chimene amachikonda koposa, ndipo anatiuza mosabisa kuti talakwa. Sanawachitire chisoni amuna anga, sanawalankhule ngati mwana. Anawakalipira ngati munthu wamkulu, kenako anawadikira.

Dzuwa litapendeka anthu anayamba kupakira. Ine ndinatsuka beseni pampopi wa pa famu, ndinamwetsa Bozi madzi, ndinamulowetsa m'galimoto. A Sosten sankaoneka. Mantha akale aja anabwerera, ndinaganiza kuti mwina akabisala penapake. Ndinayang'ana kuzimbudzi, ndinayang'ana kuseri kwa magalimoto. Ndinakawapeza m'tenti ya tiyi, atakhala pakati pa azibambo, tayi atamasula, Wragg ali pambali pawo ndi chipeso chachitsulo akuwaonetsa mmene amapesera ubweya ukayamba kumera. Koma nkhani inali itachoka kale pa agalu. A Sosten ankawafotokozera za tsiku limene anayendetsa basi yodzaza anthu pa Belgrave Road nthawi ya Diwali, chikondwerero cha Amwenye, mseu utatsekeka, gogo wina n'kuyamba kugawa maswiti m'basimo. Nkhani imeneyo ndaimva kambirimbiri, ndipo kale inkatenga kanthawi kochepa. Tsopano inkayenda mochedwa, ikupunthwa, ndipo azibambo aja anali atatsamira patebulo kuidikira.

"Bambo a Christabel," ndinatero ndili pakhomo pa tenti, "kwada. Mawa ndili pa shifiti ya m'mawa."

Anakweza dzanja lamanja osandiyang'ana n'komwe.

"Dikirani kaye, mayi," anatero. "Sindinamalize... kulankhula."

Panali belo la udzu pafupi ndi khomo. Ndinakhala pamenepo, beseni pamiyendo, n'kudikira.